Kaundula woyamba wa parishi yathu

Mwana wanga wamkazi atatsala pang'ono kulowa m'banja, wansembe wa kumene iye akukhala anamuuza kuti ukwati sungadalitsidwe asanabweretse chikalata chatsopano cha ubatizo chochokera ku parishi imene anabatizidwira. Anandiimbira foni madzulo nati, "Ababa, chonde mupite ku ofesi ya parishi mukanditengere chikalatacho, pakuti chakale chija achikana, akufuna cholembedwa posachedwapa." Ndinapita m'mawa mwake. Mlembi wa parishi, mayi wachitsikana amene sanali kundidziwa konse, anandifunsa chaka chimene mwanayo anabatizidwa, ndipo nditamuuza anadutsa mabuku onse aakulu amene anali pamwamba, nagwada pansi kuti atulutse buku lina lopyapyala, lachikuto chakuda chosuluka m'mbali. Pamsana pa bukulo panalembedwa nambala 1.

Dzina la mwana wanga linali pa tsamba lachiwiri, lolembedwa ndi dzanja la bambo mfumu wathu woyamba, amene anatisiya kale. Pamene mlembi uja anali kukopera, ine ndinali kuganizira za mlongo wake wa mwanayu, mwana wanga woyamba, amene anabatizidwa zaka ziwiri m'mbuyo mwake m'chipinda chomwecho cha sukulu, pa beseni lomwelo, pamaso pa anthu omwewo, koma dzina lake m'buku limeneli mulibe. Iye analembedwa m'kaundula wa parishi yaikulu ya m'kati mwa mzinda, ndipo kufikira lero akafuna chikalata chilichonse amapita kumeneko. Pakati pa maubatizo awiriwa panalibe njerwa ngakhale imodzi imene inaikidwa pa inzake, komabe panachitika chinthu chimene chinachititsa kuti ana a mimba imodzi akhale ndi kwawo kosiyana m'mabuku a Mpingo.

Dera lathu linayamba monga momwe madera ambiri a m'mphepete mwa mizinda amayambira. Malo m'kati mwa mzinda atachepa, anthu anayamba kugula mapuloti kunja, kumene kunali minda ndi tchire, ndipo nyumba zinamera mwapatalipatali msewu weniweni usanafike. Tonse tinali ochokera kwina. Malamulo a Mpingo, amene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anawakhazikitsa mwatsopano mu 1983, amanena pa lamulo 102 kuti munthu akakhala pamalo miyezi itatu, kapena akafikapo ndi cholinga chokhala nthawi yotere, amawerengedwa kale kuti ndi wa m'deralo, ndipo lamulo 107 limamupatsa bambo mfumu wa malowo kukhala mbusa wake. Choncho pa pepala tinali ndi parishi ndi mbusa yemwe. Koma tchalitchi la parishiyo linali kutali moti banja la ana aang'ono linkayenera kudzuka kusanache kuti likapeze Misa, ndipo mbusayo sanali kudziwa kuti kuseri kwa phiri kwabwera nkhosa zake. Ena ankabwerera ku maparishi amene anachokera, ena ankapita pa Khrisimasi ndi pa Pasaka pokha, ndipo ena, kuphatikizapo ine kwa kanthawi, anangozolowera kukhala pakhomo Lamulungu.

Amene anayambitsa zonse anali mayi wina wachikulire, wamasiye, amene anabwera kudzakhala ndi mwana wake. Iwo anali ndi chizolowezi choyenda m'njira za m'deralo masana, ndipo akaona korona itapachikidwa pa galasi la galimoto kapena chithunzi cha Amayi Maria pa khoma kudzera pa zenera, ankagogoda pakhomo popanda manyazi. Anafika kwathunso. Anandipeza ndikupenta chitseko, ndipo atandipatsa moni anandifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi Lamulungu mumapemphera kuti?" Funsolo linandilowa chifukwa ndinalibe yankho loona limene ndikanapereka popanda kuchita manyazi. Sabata yotsatira tinakumana m'chipinda chochezera cha mwana wawo kuti tinene korona, mabanja ongowerengeka ndi zala. Chipindacho chitachepa tinasamukira m'galaja la munthu wina, ndipo galajalo litachepa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina anatilola kugwiritsa ntchito kalasi, bola tizibwezeretsa madesiki m'malo mwake Lolemba lisanafike. Bambo wina amene anakhalapo katekisiti kumene anachokera ndiye ankatsogolera mapemphero opanda wansembe, ndipo patapita nthawi parishi yaikulu ija inatizindikira ngati nthambi yake n'kuyamba kutitumizira wansembe kamodzi pa mwezi. Tebulo la mphunzitsi ndilo linali guwa, ndipo kumbuyo kwa wansembe kunkaoneka masamu a ana amene sanafufutidwe pa bolodi.

Nthawi imeneyo tinkaona ngati umphawi wa malo opemphererawo ndi chinthu chochititsa manyazi, koma pambuyo pake ndinadzaphunzira kuti Mpingo unayambira m'malo otere. Limodzi mwa matchalitchi akale kwambiri amene akatswiri ofukula zakale anawapeza, ku Dura-Europos m'dziko la Syria, linali nyumba wamba yokhalamo anthu imene inasinthidwa cha m'ma 240: anagumula khoma limodzi kuti zipinda ziwiri zikhale chimodzi chosonkhaniramo, ndipo chipinda china anachisandutsa chobatiziramo. Ngakhale liwu lakuti parishi likuchokera ku liwu la Chigriki lakuti paroikia, limene limanena za kukhala pamalo ngati mlendo, pafupi ndi eni mudzi koma iwe usali mwini. Liwu la mtundu womwewo ndi limene lili m'kalata yoyamba ya Petro, mutu 2 ndime 11, pamene akhristu akutchedwa alendo ndi ogonera. Palibe anthu amene dzina limeneli limawayenera kuposa okhala m'dera latsopano la kunja kwa mzinda, ndipo kwa ife linali dzina komanso matenda athu. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo ife tinkakhaladi ngati mame. Aliyense ankanena za tchalitchi la kwawo, kwaya ya kwawo ndi mmene zinthu zimachitikira kwawo, zopereka zazikulu ankatumiza kwawo, ndipo kalasi ija ankaiona ngati pobisalira mvula podikira kuti ikate.

Chimene chinatisintha chinali imfa. Bambo wina wa gulu lathu anadwala mwadzidzidzi usiku wa mvula, ndipo banja lake linatumiza uthenga ku parishi kuti wansembe abwere kudzamudzoza mafuta a odwala. Wansembeyo ananyamuka ndithu, sindingamunamizire, koma msewu unali utaonongeka, ndipo pamene ankafika m'bandakucha anapeza anthu akulira kale. Pa maliro amenewo ndinaona kwa nthawi yoyamba kuti tachuluka, popeza anafika ngakhale aja amene sanali kubwera ku kalasi, ndipo nyimbo zinkayankhidwa kuchokera kumbali zonse. Titabwerako kumanda, mayi wachikulire uja anaimirira nati, "Abale anga, tidzafa chonchi tonse ngati tipitiriza kunena kuti kwathu ndi kwina." Sabata yomweyo tinalemba kalata yopita kwa bambo mfumu, yowapempha kuti akatilankhulire kwa ambuye episkopi.

Apa m'pamene tinaphunzira kuti parishi siyamba chifukwa chakuti anthu aifuna. Lamulo 515 limanena kuti ndi episkopi wa dayosizi yekha amene angakhazikitse parishi, kuithetsa kapena kuisintha, ndipo sangachite zimenezi asanamve maganizo a bungwe la ansembe a m'dayosiziyo. Chimene chinandidabwitsa nditawerenga lamuloli n'chakuti pofotokoza tanthauzo la parishi silitchula nyumba yopemphereramo ayi. Limanena za gulu lodziwika la akhristu lokhazikitsidwa mokhalitsa m'dayosizi, limene chisamaliro chake chaperekedwa kwa bambo mfumu ngati mbusa wake pansi pa ulamuliro wa episkopi. Liwu lakuti mokhalitsa ndilo linali mlandu wathu. Ambuye episkopi atabwera kudzationa sanafunse za pulani ya tchalitchi imene tinali titawakonzera monyadira. Anafunsa kuti mabanja alipo angati, ana a katekisimu ndi akatekumeni (okonzekera ubatizo) akuphunzitsidwa ndi yani, maukwati angati ndi odalitsidwa, wansembe akabwera adzagona kuti ndipo adzasamalidwa ndi yani. Mafunso ambiri tinawayankha mongoganizira, ndipo iwo anazindikira. Anatiuza mofatsa kuti tikawerengane kaye.

Kuwerenganako kunatitengera miyezi yambiri, tikuyenda awiriawiri khomo ndi khomo madzulo tikaweruka ku ntchito, ndipo ndikukhulupirira kuti parishi yathu inabadwa m'maulendo amenewo koposa tsiku limene chikalata chinawerengedwa. Tinapeza okalamba amene anali asanalandire Ukaristia kwa zaka, achinyamata obatizidwa koma osalimbitsidwa, ndi mabanja amene ankaopa kubwera chifukwa ukwati wawo sunadalitsidwe. Anthu amene tinkangodutsana nawo pa msewu tinayamba kuwadziwa mayina.

Chikalata cha ambuye episkopi chinawerengedwa m'bwalo la sukulu, chifukwa kalasi sikanatikwana. Chinatchula malire a parishi yatsopano, mtsinje mbali ina, msewu waukulu mbali ina, ndiponso dzina la wansembe amene anasankhidwa kukhala bambo mfumu. Iwo anafika ndi katundu wochepa kwambiri m'nyumba yalendi imene tinawapezera, koma pakati pa katunduyo panali mabuku atatu opanda kanthu, la ubatizo, la maukwati ndi la omwalira, pamodzi ndi chidindo chatsopano cha parishi. Ambiri a ife sitinazilabadire zinthu zimenezi, maso athu anali pa chikho cha Misa ndi zovala za pa guwa. Komatu mwambo wa mabuku amenewa ndi wakale: Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti ansembe a m'maparishi azilemba maubatizo ndi maukwati, ndipo buku la miyambo ya Mpingo wa Roma la mu 1614 linawonjezerapo kaundula wa omwalira. Lero lamulo 535 ndilo limasunga udindo umenewu. Kuyambira tsiku limenelo panalinso chinthu china chimene sichioneka: bambo mfumu anali ndi udindo, malinga ndi lamulo 534, wopereka nsembe ya Misa Lamulungu lililonse chifukwa cha anthu onse a m'malire aja, obwera ku tchalitchi ndi osabwera omwe. Mwana wanga wamkazi anabadwa m'miyezi imeneyo.

Mkangano wathu woyamba monga parishi unali wa dzina. Aliyense ankafuna kuti nkhoswe ya parishi ikhale woyera wa tchalitchi la kwawo, ndipo misonkhano iwiri inatha popanda chomvana, mpaka bambo mfumu anatikumbutsa kuti dzina la tchalitchi likaperekedwa pa tsiku lolipatula silisinthidwanso, choncho tisasankhe ndi mtima wopikisana. Tinatumiza mayina atatu kwa ambuye episkopi ndipo iwo anasankha limene linali ndi otsatira ochepa kwambiri, mwina mwadala, kuti pasakhale wopambana.

Mkangano wachiwiri unali waukulu, ndipo ine ndinali m'kati mwake, pakuti ndinasankhidwa kukhala m'bungwe loona za chuma, limene lamulo 537 limafuna kuti parishi iliyonse ikhale nalo. Funso linali la kukula kwa tchalitchi. Ine ndinkaumirira kuti timange laling'ono lolingana ndi anthu amene tinali nawo, kuti tilimalize msanga ndi kutuluka m'sukulu. Ena ankaloza minda imene inali kudulidwa mapuloti kumbali zonse, nanena kuti tikamanga molingana ndi lero tidzagumula mawa. Lamulo 1215 limaletsa kumanga tchalitchi popanda chilolezo cholembedwa cha episkopi, ndipo iye sayenera kuvomera asanakhutire kuti ndalama zomangira ndi zoyendetsera mapemphero sizidzasowa, motero ine ndinali ndi chiyembekezo chakuti ku dayosizi adzaima mbali yanga. Anavomera pulani yaikulu ija, atangochotsapo nsanja ya belu.

Zimene zinatsatira zinali zaka zowawa. Maziko anakumbidwa ndi chimwemwe, makoma anakwera mpaka pa mawindo, kenaka ndalama zinauma. Makoma aja anaima opanda denga nyengo zingapo za mvula, udzu unamera pamene panayenera kukhala guwa, ndipo Lamulungu lililonse zolengeza za pambuyo pa Misa zinkatalika kuposa ulaliki chifukwa cha nkhani ya zopereka. Anthu ena anatopa nazo n'kuyamba kukapemphera kwina. Ndikuvomera kuti pa nthawi imeneyo ndinali ndi kachimwemwe koipa mumtima, ka munthu amene akuona kuti zimene ananena zikuchitika, ndipo ndinalankhula mawu ena pa msonkhano amene ndinayenera kukawapepesera pambuyo pake. Lero tchalitchi limene ndinkati ndi lalikulu mopitirira muyeso limadzaza katatu Lamulungu lililonse, anthu ena ataima panja. Komabe sindinganene kuti ndinalakwa pa zonse, pakuti m'zaka zimene tinkathamangitsa denga, maphunziro a katekisimu anafooka, odwala sankayenderedwa monga kale, ndipo pali mabanja amene anachoka nthawi imeneyo osabwereranso.

Tsiku lopatula tchalitchi silichoka m'maso mwanga. Tinasonkhana panja zitseko zili zotseka, omanga anapereka makiyi kwa ambuye episkopi, ndipo iwo anauza bambo mfumu kuti atsegule. Atawaza madzi odalitsidwa pa anthu ndi pa makoma, ndipo titaimba litaniya ya oyera mtima onse, anavula chovala chapamwamba cha Misa, namanga nsalu m'chiuno, nathira mafuta a Krisma pa guwa n'kuwapaka ndi chikhatho pamwamba ponse, pang'onopang'ono, monga munthu wodzoza mwana. Kenaka makoma anadzozedwa pa timitanda khumi ndi tiwiri, lubani anafukizidwa pa guwa penipeni mpaka utsi unafika ku denga limene linatisautsa lija, ndipo pomaliza nyali zonse zinayatsidwa. Mayi wachikulire uja anali atafooka kwambiri, moti anabwera naye pa njinga ya olumala. Sanalankhule kanthu tsiku lonse, anangogwira korona yawo. Anamwalira chaka chisanathe, ndipo Misa yawo ya maliro inali m'gulu la zoyamba kuchitikira m'tchalitchimo.

Kukula kunabwera ndi mavuto ake, ndipo lalikulu linachokera kwa ife amene tinayamba. Mapuloti aja atadzaza nyumba, kunabwera anthu ambirimbiri amene sanaione kalasi ija, sananyamule njerwa, ndipo anangopeza mabenchi oti akhalepo. Ife tinayamba kudzitcha eni parishi. Tinali ndi malo athu okhala kutsogolo, maudindo ankazungulira pakati pathu, ndipo munthu watsopano akapereka maganizo pa msonkhano ankafunsidwa, mwina mwanthabwala koma mobaya, kuti, "Achimwene, kodi inu mwabwera liti kuno?" Anthu amene tinasonkhanitsidwa chifukwa chakuti tonse tinali alendo tinasanduka alonda a pachipata. Bambo mfumu wachiwiri, amene nayenso tinamulandira mozizira chifukwa sanali uja woyamba, anaika malire a zaka pa maudindo onse, ndipo tinang'ung'udza kwambiri. Koma kwaya inakonzedwa ndi mnyamata amene anali atangosamukira kumene, mabuku a chuma anawongoledwa ndi mayi wina wodziwa zowerengera ndalama amene anakhala nafe miyezi yochepa chabe, ndipo tinayenera kuvomera kuti mlendo ndiye amabweradi ndi kalumo kakuthwa.

Vuto lina linali lakuti tinasiya kudziwana. Munthu wa Misa yoyamba akhoza kukhala zaka zambiri osakumana ndi wa Misa yachitatu, ndipo moyo wa kunja kwa mzinda umawonjezera mtunda umenewu, popeza anthu amachoka kusanache kupita ku ntchito, amabwerera kutada, n'kudzitsekera m'mipanda. Wansembe naye ali ndi malire, pakuti lamulo 905 limalola kuti achite Misa mpaka katatu pa Lamulungu, ndipo ngakhale pamenepo pakhale chilolezo ndi chifukwa chokwanira. Yankho limene Mpingo unapeza m'madera ambiri ndi miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana timene timakumana m'nyumba kuwerenga Mawu a Mulungu ndi kusamalirana. Maepiskopi a ku Latin America anailimbikitsa pa msonkhano wawo wa ku Medellín mu 1968, ndipo a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe la AMECEA, anachita chimodzimodzi ku Nairobi mu 1973 ndi mu 1976. Mu 1988 Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'chikalata chake chonena za akhristu eni ake, anafotokoza parishi ngati Mpingo wokhala pakati pa nyumba za ana ake. Kwa ine chodabwitsa chinali chakuti titavutika zaka zonsezo kuti tituluke m'zipinda zochezera ndi kulowa m'tchalitchi, tinayenera kubwereranso m'zipinda zomwezo kuti tchalitchilo lisakhale la anthu osadziwana. Siyonse miphakati imene ikuyenda bwino. Wathu umakhala ndi amayi ambiri ndi abambo awiri kapena atatu, ndipo alendi amasamuka tisanawazolowere. Komabe munthu akadwala usiku tsopano, uthenga umafika kwa wansembe kudzera mwa anansi ake.

Zaka zingapo zapitazo akhristu a kutsidya kwa mtsinje, kumene mzinda wafika tsopano, analemba kalata yopempha kuti akhale parishi paokha. Nditamva ndinakwiya. Ndinkaona kuti akutithawa titangomaliza kumanga holo, ndipo nditauzidwa kuti lamulo 122 limafuna kuti parishi ikagawidwa katundu ndi ngongole zomwe zigawidwe mwachilungamo, mkwiyo unakula. Sindinaganizepo ngakhale kamodzi mmene anthu a parishi ya m'kati mwa mzinda anamvera pamene ife tinkachoka ndi mabanja athu ndi zopereka zathu. Lamulungu lina bambo mfumu ananditenga pa galimoto popita kukachita Misa kumeneko. Anatilandirira m'kalasi, madesiki atakankhidwira ku khoma, ndipo mnyamata wina anali kufufuta bolodi mofulumira ndi dzanja la malaya ake. Pobwerera bambo mfumu anandifunsa maganizo anga, ndipo ndinangowauza kuti anthuwo ayambe kuwerengana.

Mlembi uja atamaliza kulemba chikalata cha mwana wanga anapita nacho kwa bambo mfumu kuti asaine ndi kudinda. Ndili kudikira ndinayang'ananso tsamba lija, ndipo ndinaona kuti kumapeto kwa mzere uliwonse kuli danga la zowonjezera. Pa dzina la mwana wanga panalembedwa kale tsiku limene analimbitsidwa, ndi inki ina ndi dzanja lina. Apa ndinamvetsa chifukwa chake chikalata chakale chinakanidwa: ukwati, udikoni, unsembe kapena malumbiro osatha a moyo wodzipereka, kulikonse kumene zingachitikire pa dziko lapansi, zimalembedwa m'danga limeneli, ndipo wansembe wodalitsa ukwati amafuna kuona zimene zalembedwamo kufikira lero. Mizere ina ya pa tsambalo inali itadzaza, ndi mayina a maparishi a m'mizinda ina ndi m'mayiko ena kumene ana a m'kalasi ija anafalikira.

Patapita miyezi iwiri ukwati utachitika, ndinadutsiranso ku ofesi pa nkhani ina. Mlembi uja tsopano anandizindikira, ndipo anandiuza kuti kalata yochokera ku parishi imene mwana wanga anakwatiwira inafika sabata yapitayo. Anagwadanso pansi, natulutsa buku lachikuto chakuda lija, natsegula tsamba lachiwiri kuti ndione. Danga linali laling'ono, moti dzina la mkamwini wanga analilemba ndi zilembo zopanikizana, mbali ina litakwera m'mphepete mwa pepala.